Abale Athu a ku Pemba

Ana a masiku ano mukamaphunzira za akapolo amene ankachoka pa Nkhotakota pano, nkhani yanu imathera pagombe. Aphunzitsi amakutengerani pansi pa mkuyu uja, amakuuzani kuti apa m'pamene Livingstone anakambirana ndi Jumbe, amakulozerani kumene zombo za matanga zinkanyamukira, basi mwabwerera m'kalasi kukalemba mayeso. Anthu aja akangoti akwera chombo, kwa inu ndiye kuti atha. Sanathe ayi. Ambiri anafera m'njira, zimenezo n'zoona, koma amene anafika anakalima, anakabereka, anakakalamba. Ine ndinakafika kwina kumene anakathera, ndinadya nawo m'mbale imodzi, ndipo ndisanatsikire kuli chete ndati ndikusiyireni zimene maso angawa anaona.

Ndinachoka kuno mu 1956, Chitaganya chili pakati, ine ndevu zisanamere bwino. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama kuno inali ya kampunga ndi usipa basi. Anyamata a kumtunda ankalembetsa ku Wenela, ena ankatsika wapansi ku Salisbury. Ife a m'mbali mwa nyanja, amene tinakulira pamiyendo ya amalume olankhula Chiswahili, maso athu ankaloza kumpoto. Tinakwera sitima ya Ilala, panthawiyo ikadali yatsopano, utoto uli mbee, n'kukatsika pa Mbamba Bay. Kuchoka apo anali malole: Songea, Tunduru, Masasi, mpaka Lindi kunyanja yamchere. Dziko limenelo n'lomwe ankadutsamo anthu a magoli popita ku Kilwa, kungoti iwo ankayenda miyezi, ife masiku.

Za khonje wa ku Tanga, kumene tinakafikira titachoka ku Lindi, sindichulukitsa gaga m'diwa. Ndi ntchito yodzuka kukadali mdima, kudula masamba aminga, kumanga mitolo, kapitawo n'kumawerenga. Madzi ake akakugwera pakhungu umakanda mpaka usiku. Chaka chotsatira, cha mu Ogasiti, mbiri inawanda m'makomboni kuti ku Pemba karafuu wabereka moopsa, eni minda akusowa manja. Karafuu mukumudziwa: ndi tizitsotso takuda tonunkhira tija amayi anu amaponya mu pilawu pa Idi, tomwe agogo anu aakazi amaika pa dzino likamawawa. Tinatsanzika zikwanje za khonje osatembenuka.

Kuchoka pa Tanga kukafika ku Pemba ndi makilomita oposa pang'ono 50, koma ndi madzi akuya, oipa mtima. Tinanyamuka usiku pa jahazi, chombo cha thanga limodzi, titathithikana ndi Anyamwezi, Amakonde ndi matumba a chimanga. Amalinyero amati Pemba umayamba kuimva m'mphuno usanaione ndi maso. Kaya. Ine mwana wa kunyanja, wodziwa mwera kuyambira ndili kumsana, usiku umenewo ndinali gone pansi pa chombo, m'mimba muli chipwirikiti, mphuno zikungomva nsomba zouma. Tinalowa pa Wete kutacha, kudzera m'timipata ta pakati pa mikoko, mitengo yomera m'madzi amchere mizu ili poyera. Titatsika n'kudya, ndinabwerera kudoko kukatenga kamtolo kanga, ndipo ndinapeza nyanja yachoka. Zombo zili khale pamatope, zitapendekeka, ana akutola nkhono pamene m'mawa panali madzi opitirira munthu. Ndinafunsa bambo wina kuti kwagwanji. Anandiseka mpaka kutsokomola, nati madzulo ibwera. Inabweradi. Yathu ino imakwera ndi kutsika pachaka, yakumeneko kawiri pa tsiku.

Chilumbacho musachiyerekeze ndi Likoma kapena Chizumulu. M'litali ndi makilomita pafupifupi 67, m'lifupi 22, moti ukalowa m'kati nyanja umaiwala. Aluya ankachitcha Chilumba Chobiriwira, ndipo sananame. Mbali yonse ya kumadzulo ndi timapiri totsatizana, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, ngati mizere ya m'munda wa mbatata woti anaunga ndi chimphona. Pamwamba pali karafuu, m'khwawa muli mpunga. Kum'mawa n'kwina: n'kwa chidikha, kwa miyala yoyera, nthaka yochepa, ndipo kumeneko karafuu sachita, anthu amadalira chinangwa, ng'ombe ndi nsomba. Mvula imagwa kawiri, yaikulu kuyambira Malichi mpaka Meyi, yaing'ono cha mu Novembala, ndipo pakati pa ziwirizi kumawazabe. Ine wochoka kuno kumene Okutobala amapsereza udzu wonse, ndinapeza anthu osadziwa kuti lupsa n'chiyani.

Ine ndi mnzanga wina wa ku Chia anatitenga bambo wa cha ku Piki, pa msewu wa pakati pa Wete ndi Chake Chake. Sanali Mluya ayi. Minda ikuluikulu inalidi ya Aluya, koma eni nthaka ambiri a ku Pemba analinso ndi mitengo yawo, wina yowerengeka, wina mazana angapo. Anatikweza pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe imodzi ya linunda, chingwe chili m'mphuno, nakatipatsa kanyumba ka mitengo ndi dothi kofolera ndi masamba a kokonati.

Bata la kumeneko sindinalionenso kwina. Nyumba zimabisala m'mitengo, ina apa ina uko, tinjira ta dothi lofiira tikuzilumikiza. Galimoto inkadutsa mwa apo ndi apo. Agalu ndi osowa poti ndi dziko la Asilamu, bwalo la mowa kulibe, ndiye phokoso lake kulibenso. Dzuwa likafika paliwombo umangomva njiwa, nkhwangwa ya munthu kutali, ndi mawu a woitanira swala pa kamzikiti kopanda ndi nsanja yomwe. Anthu ake amalankhula motsitsa, koma moni wawo ndi wautali: afunse za iwe, za kwanu, za ana, za ng'ombe, iwe uli chiimire ndi mtolo pamutu. Madzulo mileme ikuluikulu ya chifuwa chofiirira inkadzuka m'mitengo italiitali n'kudetsa kumwamba. Eni ake ankaidya. Ine ndinakana, ndipo mpaka lero maganizo sindinasinthe.

Tsono ntchito. Mtengo wa karafuu ndi wautali, wina umafika mamita 12 kapena 15, wowongoka, nthambi zoloza kumwamba, masamba osalala onyezimira. Ukafikisa tsamba limodzi m'manja, fungo limakhala nawe tsiku lonse. Chimene amathyola si chipatso ayi, ndi duwa lisanamasule. Timaluwato timabadwa m'timagulu kunsonga kwa nthambi, tobiriwira, kenako timayezuka, kenako timayamba kufiirira. Pofiirirapo m'pamene pali ndalama. Ukafulumira, karafuu amauma wopepuka ndi wokwinyika. Ukachedwa masiku ochepa, kamutu kaja kamasula, ogula atsitsa mtengo. N'chifukwa chake eni minda amachita ngati apenga nyengo imeneyi: mitengo yakhala chaka chonse osafuna munthu, lero yonse ikufuna manja tsiku limodzi.

Amayi ndi ana amathyola za m'munsi. Amuna timakwera, chingwe m'chiuno, ngowe m'manja, kathumba pakhosi. Nthambi za karafuu sizichedwa kuthyoka, ndiye tsiku loyamba mwini munda anandigwira paphewa nandilangiza: usaponde kunsonga, ponda pamene nthambi yatulukira pa thunthu, inayo ikoke ndi ngowe ibwere kwa iwe, iwe usapite kwa iyo. Ukathyola nthambi, ati, wandibera zokolola za mtsogolo. M'mitengomo muli nyerere zofiira zimene zimasoka masamba kukhala chisa, iwo amati majimoto. Zikakulowa m'malaya uli pamwamba, manja onse ali ndi ntchito, umangoluma mano. Chaka chilichonse kumagwa anthu. Ndinaona mnyamata wa Chinyamwezi atamunyamula pa chitseko kupita naye ku Wete, msana utathyoka. Sanabwerenso, ndipo m'mawa mwake tinakwera mtengo womwewo poti unali usanathe.

Dzuwa likapendeka timatsika ndi matumba, koma kuweruka kukadali kutali. Ukatha kuswali ndi kudya, amayala mikeka pakhonde, koloboyi pakati, aliyense ndi mulu wake. Umatenga kagulu kamodzi ndi dzanja lamanja n'kukakwecha pachikhatho cha lamanzere, timaluwa n'kuyoyokera pamkeka, timitengo n'kutsala m'zala. Timitengoto amati makonyo, ndipo satitaya, amatiyanika patokha n'kugulitsa kwa otcheza mafuta. Sabata yoyamba chikhatho chimatupa, kenako chimalimba gwa, chimada bii, ndipo chilichonse chimene wadya ndi dzanja chimamveka karafuu. Pomaliza mwini munda amabwera ndi pishi, chitini choyezera, n'kumawerenga mokweza aliyense akumva. Malipiro ankatsata mapishi, m'mashilingi a East Africa, ndipo chaka chimenecho wakhama ankapeza pa sabata zimene khonje sakanamupatsa.

M'mawa karafuu amamuyanika pa mikeka, pabwalo, m'mbali mwa msewu, ngakhale pakhomo pa mzikiti. Akaona dzuwa labwino masiku 4 kapena 5 amasanduka wakuda mofiirira, kulemera kwake n'kutsala limodzi mwa magawo atatu. Wouma bwino ukamuthyola amati thwa, ukamufumbata amabaya. Bata lija linkasweka pokhapokha kamtambo kakadutsa. Mayi mmodzi akangokuwa, mudzi wonse uli piringupiringu, nkhalamba ndi ana omwe, kukulunga mikeka, chifukwa karafuu wovumbwa amachita nkhungu. Matumba ankapita pa ngolo ku Wete, kwa amwenye ogula kapena ku nyumba za Clove Growers Association, kenako pa sitima kupita ku India ndi ku Indonesia. Nditamva kuti ku Indonesia amamusakaniza ndi fodya n'kumusuta, ndinagwira pakamwa: thukuta lonseli, misana yothyokayi, kuti wina akafuke utsi!

Kudya sikunandivute poti ndine mwana wa mpunga. Kungoti iwo chilichonse amathira kokonati: mpunga, chinangwa, nthochi zosapsa, nyemba, ngakhale chigwada. Mayi amakhala pa kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo, n'kumapala kokonati ndi kufinya madzi ake oyera. Fenesi, chipatso chachikulu chomera pathunthu, ndi shelisheli amene amawotcha n'kudya m'malo mwa chinangwa, ndinazilawa bwino. Chimene mtima unkalira ndi kondowole wa usipa.

Lachisanu tikatuluka mu mzikiti, akuluakulu ankakhala pa baraza, kakhonde ka kumaso kwa nyumba, kumwa khofi wowawa m'timakapu topanda chogwirira. M'pamene ndinamva mbiri ya mitengoyi, ngakhale zaka zake ndinadzazipeza m'mabuku pambuyo pake. Karafuu si wa ku Pemba, kwawo ndi kuzilumba za ku Indonesia komwe kuja. Anafika ku Zanzibar cha m'ma 1818 kudzera ku Mauritius ndi Réunion, ndipo amene anamukweza ndi Seyyid Said, mfumu ya ku Oman, yomwe inasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar cha m'ma 1840 n'kuumiriza eni minda kuti abzale. Mu 1872 namondwe woopsa anagwetsa mitengo yambiri ya pa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, koma Pemba anailambalala. Kuyambira pomwepo karafuu anakwera mtengo, nkhalango za ku Pemba zinagwa, ndipo kachilumba aka kanayamba kutulutsa karafuu wambiri kuposa Unguja. Akuluakulu aja ankafotokoza mokoma ndithu: mfumu yakuti inalamula, Mluya wakuti anabzala zikwi zakuti. Ine ndili phee kumvetsera, koma mumtima ndinkati, kodi Mluya ameneyo anagwirapo khasu? Nkhalango anagwetsa ndani, maenje anakumba ndani, mbande ankazisamala ndani zaka 6 kapena 7 mtengo usanayambe kubereka? Pa baraza funso limenelo silinkafunsidwa.

Yankho linandipeza lokha. Tsiku lina ine ndi mnzanga uja tinali pansi pa mtengo kukangana za mapishi m'chinenero chathu, mokweza monga timachitira a kunyanja. Agogo ena aakazi amene ankatola karafuu wogwa pansi anasiya kutola. Anaima, dzanja m'chiuno, mutu atapendeketsa. Anali aafupi, owerama, atafunda kanga ziwiri, mano atatha. Ife tinkayesa tawasokosa. Kenako anatiyandikira, mawu akutuluka limodzilimodzi, nati, "Ana inu, mwachokera kunyanja?" Osati m'Chiswahili ayi. M'Chinyanja, chakale, lilime likulemera nacho.

Mnzanga anagwetsa thumba. Ine ndinagwada, n'kuwomba m'manja, n'kuti, "Inde agogo, ndife a ku Nkhotakota." Dzinalo analibwereza chapansipansi, kenako anakhala pomwepo pamasamba.

Kuyambira tsiku limenelo madzulo ambiri tinkathera kwawo. Chinyanja chawo chinali chitatsala pang'ono: moni, kuwerenga mpaka zisanu, mayina a nsomba, usipa, kampango, mpasa, ndi mawu okalipira mbuzi. Kwinako tinkathandizana ndi Chiswahili. Dzina la mudzi wawo linali litawathawa. Ankakumbuka mtsinje wolowa m'nyanja pakati pa mabango, mapiri kumbuyo kwa mudzi, ndi madzi oti munthu n'kumwa ali m'bwato. Za madzizi ankazibwereza kawirikawiri, ati adzukulu awo ankawatsutsa kuti nyanja yopanda mchere kulibe, agogo akalamba. Anawaitana onse kuti ife tichitire umboni, ndipo tinachitira.

Anawagwira ali kabuthu, kudambo, pamodzi ndi mayi awo. Anawawolotsa usiku pa chombo, kutsidya n'kuyamba wapansi. Za mayi awo ananena kamodzi kokha, kuti miyendo inatupa, ndipo anawamasula pa goli n'kuwasiya pansi pa mtengo. Sitinafunse zambiri. Pamene iwo ankafika kugombe, msika wa akapolo wa ku Zanzibar unali utatsekedwa kale, paja Angerezi anakakamiza Sultan Barghash kuutseka mu 1873, ndipo sitima zawo zankhondo zinkalondera panyanja. Koma kutseka msika sikunathetse njala ya manja ku Pemba. Anthu ankawazembetsa usiku pa tizombo ting'onoting'ono, ana atawaveka bwino kuti azioneka a m'banja la mwini chombo, n'kukawatsitsa m'mikoko momwe muja ndinadutsa ine.

Tsiku lina anasuntha kanga kumutu natiuza tiyandikize koloboyi. Pakati pa diso ndi khutu panali mphini, timizere titatu tatifupi, totupa pang'ono, tofanana ndi tomwe mayi a mayi anga anali nato. "Izi anatema ndi amayi, ndinkadwala mutu," anatero. "China chilichonse chimene ndili nacho ndi cha kuno."

Kwa mbuye wawo ankagwira masiku 5, Lachinayi ndi Lachisanu n'kumalima kamunda kawo ka chinangwa kuti adye. Mitengo ina imene ife tinkakwera ankaidziwa umodziumodzi: uwu ndinausenzera madzi kuchoka kukhwawa, uwu ndinaumangira mthunzi kuti dzuwa lisauwotche. Mu 1897 kunatuluka lamulo loti kapolo atha kupita kubwalo la milandu kukatenga ufulu wake. Boma linkalipira mbuye chifukwa chotaya kapolo, kapoloyo n'kupatsidwa kapepala. Chaka chomwecho amishoni a Quaker anatsegula malo ku Banani, pafupi ndi Chake Chake, olandirako omasulidwa, ndipo ena anapitadi. Agogowa sanapite kubwalo, ku mishoninso ayi. "Ndikanapita nako kuti kapepalako? Chinangwa changa chinali pano." Anatsala pa munda womwewo monga anachitira ambiri. Mwini munda ankawalola kumanga ndi kulima zakudya pakati pa mitengo, popeza khasu lawo linkapalira karafuu wake mwaulere, ndipo nyengo yothyola ikafika ankawalipira pa pishi. Anakwatiwa ndi Myao wobwera njira yomweyo, anabereka, ndipo mwamunayo ndi ana awiri anawaika pansi pa mango kuseri kwa nyumba.

Ine ndi unyamata wanga ndinati, "Agogo, tikamapita tikutengeni, mukaone kwanu." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwananga, ndikafikire kwa yani? Amene angandilire ali kuno." Anangopempha kuti ife tizilankhula, iwo azimva. Ndiye tinkakhala pakhonde pawo kukamba zathu zopanda mutu, za atsikana a kwathu ku Linga, za ukonde wa amalume umene mvuu inang'amba, iwo atatsinzina, akugwedeza mutu.

Mdzukulu wawo wamkulu, amene ankaphunzitsa ana ku madrasa, sankakondwa nafe. Tsiku lina ananditengera pambali nandiuza mwaulemu kuti iwo ndi Apemba, ndipo mawu akuti Mnyasa tisamawatchule pakhomo pawo anthu akumva. Poyamba zinandiwawa. Koma kumeneko kunena kuti agogo ako anachokera kunyanja ya Nyasa kunali kunena kuti anagulidwa, ndipo mawu oterowo ankatha kupasula ukwati wa mwana wako usanayambe. Chinalinso chaka cha chisankho choyamba, cha mu Julaye 1957. Pampando panali Sultan Khalifa bin Harub, nkhalamba yolamula kuyambira 1911, chingwe chenicheni chili m'manja mwa Angerezi, ndipo funso loti mwini chilumba ndani, wobwera ndani, linali litayamba kutentha ngakhale m'timidzi ta bata tija. Munthuyo ankateteza ana ake. Sindimuweruza.

Pali chimene sindinawauze agogo aja, koma inu ndikuuzani poti ndi magazi anu. Bambo a mayi anga anali mmisiri wa zombo pa Linga. Ankasema matabwa, kukhoma ndi kumata zombo za Jumbe, n'kumalipidwa nsalu ndi mikanda. Ife a pa Nkhotakota timakonda kunena kuti Aluya anatizunza. Ena anazunzidwadi. Ena anali pa malipiro, ena ankalozera njira ya kumidzi ya anzawo, mafumu ena ankasinthanitsa anthu ndi mfuti ndi wonga. Kuyambira pamene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pano cha m'ma 1840, mpaka pamene boma la Harry Johnston linachotsa Jumbe wotsiriza pakati pa zaka za m'ma 1890 n'kumutumiza ku Zanzibar komweko, zombo sizinkadzikhoma zokha. Ulimi wa mpunga umene timanyadirawu, mitengo ya kokonati ya m'mbali mwa nyanjayi, Chiswahili chimene chinandipezera ntchito, zonsezi zinabwera ndi njira yomwe inapita ndi kamtsikana kaja. Usiku wina m'kanyumba kathu ndinawerengera zaka, n'kupeza kuti chombo chimene anawolokera chikhoza kukhala chomwe agogo anga anakhoma. Tulo sitinabwere.

Karafuu atatha, ndalama zili m'matumba, chilumba chinasintha nkhope: maukwati, njinga zatsopano, kanga zatsopano, eni masitolo a ku Wete mano ali mbee. Anatitengera kum'mawa kukaona masewera a ng'ombe, amene amati anasiya ndi Apwitikizi kalekale. Amamasula nkhunzi pabwalo, amayi ali kuseri kwa mpanda wa mitengo akuimba ndi kuwomba m'manja poiputa, anyamata n'kumaizemba ndi kamkeka. Ng'ombeyo saipha, ikatopa amaibweza kwa mwini wake. Mnzanga wa ku Chia anafuna kuonetsa chamuna, ndipo anabwerera ku Tanga akutsimphina.

Tinatsanzikana ndi agogo aja mvula ya Novembala itayamba, ndipo kuno ndinafika ndi makina osokera aja amene anaphunzitsa amayi anu sukulu. Za ku Pemba ndinkangozimva pa wailesi. Zanzibar inalandira ufulu mu Disembala 1963, pa 12 Januwale 1964 Sultan wa panthawiyo anagwetsedwa magazi ambiri atakhetsedwa, ndipo mu Epulo chaka chomwecho zilumbazo zinaphatikana ndi Tanganyika, dziko n'kudzatchedwa Tanzania. Boma latsopano linalanda minda ikuluikulu n'kuigawa maekala atatuatatu, moti anthu ena amene agogo awo anabwera pa goli anakhala eni a mitengo. Koma boma lomwelo linalamula kuti karafuu yense azigulitsidwa kwa ilo lokha, pa mtengo wonena ilo, ndipo alimi ankachita kumuzembetsa usiku kupita naye ku Kenya. Lero amene amalima karafuu wambiri padziko ndi a ku Indonesia, koma ku Pemba akuthyolabe, ndi ngowe ndi chingwe chomwe chija.

Tsono inu amene mumapita ku Kariakoo kukaoda zitenje ndi nsapato, Zanzibar sili kutali ndi Dar es Salaam, ndipo kuchoka pa Zanzibar pali sitima yopita ku Mkoani, kumwera kwa Pemba. Mukapite pakati pa Ogasiti ndi Novembala, mikeka ili pabwalo. Mukavale modzilemekeza, moni mukaupereke wonse mpaka authe, ndipo za ukapolo musakayambe ndinu kuzitchula pakhomo pa munthu. Akakufunsani kwanu, mukanene momveka kuti ndinu a ku Nkhotakota, kunyanja ya Nyasa. Amene akufuna kukuuzani za agogo ake adzakuuzani yekha.